Mankhwala Osamaliza

Kwathu ku Kabwata mankhwala sitinkamaliza. Ukadwala malungo n'kulandira mapiritsi kukiliniki, unkamwa masiku awiri okha. Thupi likangozizira, amayi ankalanda otsalawo n'kuponya m'chitini cha mabisiketi chimene anatola ku Kabulonga, komwe ankachapa zovala za eni mipanda.

"Wachila iwe," ankatero. "Aya ni ya mufana wako akadwala. Chakudza sichiimba ng'oma."

Sindiwanena amayi. Pamzere wa kukiliniki munthu ankataya tsiku lathunthu, ndipo amayi akapanda kupita kuntchito ife tinkagona ndi njala. Chitini chija chinkathandiza mdadada wonse. Mayi woyandikana nafe ankafika mwana ali kumsana, n'kufunsa, "Ba neba, mulibeko tumapilisi twa mutu?" Amayi ankasankha poona mtundu: oyera a mutu, achikasu a m'mimba. Ena ankachira, ena ayi, ndipo panalibe wofunsa chifukwa chake.

Lero ndine mayi waimvi, ndili ndi nyumba yanga ku Chelstone ndiponso ntchito ya muofesi. Ndilinso ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Namwino anandiuza momveka kuti piritsi limodzi m'mawa uliwonse, moyo wanga wonse. Ndinavomera ngati mwana wa sukulu. Koma mutu ukangoleka kugunda, dzanja langa limakana. Kumwa mankhwala ndili bwinobwino? Ndimamva ngati ndikubera munthu wina. Ndiye ndimabweza piritsilo, n'kudziuza kuti mawa.

Mwezi watha ndinapita kusiteshoni ya mabasi ya Intercity kukatumiza katundu kwa abale ku Chipata. Ndili pakati pa oitanira mabasi, mkono wamanzere unachita dzanzi, chikwama n'kugwa. Ndinafuna kukuwa, lilime losatembenuka. Mayi wina wogulitsa nthochi anandikhazika pa kireti, n'kuimbira mwana wanga wamkazi pa foni yanga. Kuchipatala anati ndapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ulendo wina sindidzadzuka.

Mwanayo pofunafuna khadi langa la kuchipatala m'kabati, anapeza chigoba cha ayisikilimu. Nditatuluka m'chipatala, anachikhuthulira patebulo ine ndikuona. Mapiritsi anga a miyezi ndi miyezi anamwazika, ena n'kugwera pansi.

"Ba mami, ivi ni vichani? Musungila ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo amene anabwera m'mutu anali mng'ono wanga. Iyeyo tinamuika kalekale. Amayinso anapita.

"Nisungila wina akadwala," ndinatero.

"Wodwala ni imwe, ba mami!"

Analira, ine ndinachita manyazi, kenaka ndinapsa mtima. Iyeyu wakulira m'nyumba yomwe mankhwala otsala amatayidwa kubini, akudziwa chiyani? Koma akunena zoona, ndipo ndikuopa. Ndikuopa kugonekedwa pabedi, mwana wanga n'kumandisambitsa.

Tsopano amandiimbira m'mawa uliwonse ali pa basi yopita kuntchito. "Mwamwa?" Ine ndimati ndamwa, ndipo masiku ambiri zimakhala zoona. Lero ndayankha chimodzimodzi, foni ili pakhutu, kenaka ndaona kuti chikhadabo changa chathyola kale piritsi pakati. Theka ndameza. Theka linalo lili patebulo apa. Ndasesa, ndatsuka mbale, ndatuluka panja kawiri n'kubwerera, koma dzanja likukanabe kulitola.