Thobwa Si Chakudya

Ndinabwerera ku Ntcheu nditatsala theka. Basi ya ku Joni inanditsitsa pa boma m'nyengo yozizira, chifunga chitaphimba msika moti anthu ankangotulukira ngati akuchokera m'madzi. Wakabaza amene anandinyamula sanadandaule, sanausenso moyo, anangopalasa akuimba mluzu. Ndinatsala pang'ono kulira kumsana kwake. Kale akabaza apa boma akandiona ndikubwera ankayamba kukonza tcheni chomwe sichinawonongeke.

Ku Joni ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo thupi linali litandipitirira. Mawondo ankalira, shuga anali atakwera, kukwera masitepe kunali ngati kukwera phiri. Madokotala anandichita opaleshoni yochepetsa chifu: anadula mbali yaikulu n'kundisiyira kathumba kangati nthochi. Anandiphunzitsa kudyera pa sosala, kuyamba ndi dzira, nsomba kapena nyemba, kutafuna mpaka nsagwada zitatopa, ndiponso kusamwa madzi pakudya. Thupi linasungunuka, shuga anatsika, mapilitsi ndinasiya. Nditaona kuti ndapeza moyo wachiwiri, ndinati ndikaudyere kwathu, ndikatsegule kashopu ka nsalu pa boma, pafupi ndi amayi.

Amayi amakhala kumtunda, kumene minda ya kachewere imakwera mpaka kukalowa m'mitambo. Tsiku limenelo sanalulutire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anakhala pansi pakhonde.

"Bambo ako anabwera chonchi," anatero.

Bambo anagwira ntchito ku migodi, ndipo ulendo wawo womaliza anafika jekete likuwalendewera, akutsokomola, sanaonenso dzinja lachiwiri. Kwa amayi, munthu wochoka ku Joni ataonda amakhala wabwera kudzaikidwa kwawo. Ndinafotokoza za opaleshoni, ndinabwereza, ndinafika pokweza mawu, pakuti ine mtima wanga suchedwa kupsa.

"Munthu wabwinobwino n'kupita kukadulitsa chifu? Chinakulakwira chiyani?"

Anapha nkhuku, anaphika mpunga wa ku Bwanje umene ankasungira alendo olemekezeka. Ndinadya kachidutswa ka chiganga ndi masipuni ochepa a mpunga, ndipo kathumba kaja kanati basi. Amayi anakankhira mbale kwa ine. Ndinawonjezera kamodzi kuti ndiwasangalatse, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukasanza. Anamva zonse. Lamulungu ku tchalitchi amayi anzawo ankandigwira chanza ndi manja awiri n'kundiuza kuti Mulungu ndi wamkulu, ndisataye mtima, masiku ano mankhwala alipo. Ine ndinkaseka chamumtima, koma amayi ankabwerera kunyumba atazyolika.

Nditabweranso Loweruka lina, ndinapeza chimera chitayanikidwa pamphasa. Amayi anatuluka m'khitchini ndi kapu yachitsulo, atainyamula ndi manja awiri.

"Chakudya wakana, chabwino, sindikukakamiza. Imwa thobwa. Thobwa si chakudya."

Ndipo kwathu ndi mmene zilili. Mlendo amene wanena kuti wakhuta amapatsidwabe thobwa, ndipo sakana. Olima amamwa kumunda n'kubwera kunyumba akuti chitulukire dzuwa sitinalawe kanthu. Palibe amene amaliwerengera. Ngakhale ine, amene ndinakhala pamaso pa madokotala n'kumva malangizo onse, ndinalandira kapu ija ndi mtima woyera. Ndinamwa pang'ono n'kudikira ululu umene unkabwera ndikadya chinthu cholimba. Sunabwere. Thobwa linangotsetsereka, lozizira, lotsekemera, lonunkhira mawere ndi utsi, ndipo kapu inatha. Nkhope ya amayi inamasuka koyamba chibwerereni ine.

Masana amene ankatsatira kapu imeneyo ndimawakumbukira ngati maloto. Ndikamwa, kutentha kunkayamba pachifuwa, mtima n'kumagunda msanga, kathukuta n'kutuluka pamphumi, kenako thupi lonse n'kulefuka. Ndinkagona pamphasa pakhonde n'kumaonerera chifunga chikukwera kuchokera kudambo, chikumeza mizere ya kachewere umodziumodzi, chikumeza mitengo ya mapichesi, mpaka kutsala ine ndi phokoso la amayi akupeta. Sindinkagona kwenikweni, sindinkakhalanso maso. Nthawi zina ndinkaona bambo akukwera njira ya kudambo atanenepa, jekete litawathina, akuseka. Nthawi zina ndinkakhala kamwana, nditaberekedwa, khutu langa lili pamsana pa amayi ndikumva nyimbo ikuchokera m'kati mwawo. Ndinkati uwu ndiye mtendere wakwathu umene ndinausowa zaka zonse zija.

Pobwerera ku boma ankandidzazira chigubu. Ndinkachiika kunsi kwa tebulo m'shopu n'kumapsontha tsiku lonse, ndikuyeza nsalu, ndikucheza ndi makasitomala. Pamaliro ndi pamaukwati ndinapeza njira yopulumukira: mbale ndinkakana mwaulemu, thobwa n'kulandira, aliyense n'kukhutira. M'mbuyo mwa thobwa munabwera abale ake ofewa, phala lotendera lothira shuga, tiyi wamkaka, zonse zosafuna mano. Dzira ndi nyemba zija zinayamba kundilemera kukhosi, ndipo sosala yanga ndinkaisiya ili ndi chakudya n'kumadzitama kuti ndimadya ngati mpheta.

Paja amati madzi saiwala khwawa. Thupi linayamba kubwerera m'malo mwake mwakachetechete, m'khosi, m'mikono, m'chiuno. Siketi imene telala anandichepetsera nditangofika ndinakamupatsa kuti aimasulenso, iye n'kuseka amvekere, "Mayi, nsalu ija mwamwayi sindinadule, ndinangopinda. Ndinkadziwa." Ku tchalitchi amayi aja anasintha nyimbo. "Eee, tsopano ndiye mwabwerera mwakale! Mwana amafunika manja a make." Amayi anga ankayenda patsogolo panga khosi lili m'mwamba, ngati akuonetsa mbewu imene yachita bwino. Ndisaname, zinkandikoma. Ndinali ndisanawaonepo akunyadira chonchi.

Kenako linabwera ludzu losatha, ndi kutopa kwakale kuja, ndipo manambala a pa tepi yoyezera nsalu anayamba kuoneka ngati ali m'madzi. Ndinapita kuchipatala. Dokotala wake anali mtsikana, msinkhu woti n'kukhala mwana wanga. Anandikweza pa sikelo, anandibaya chala, n'kuyang'ana kamakina kake koyezera shuga. Atandifunsa zimene ndimadya, ndinamuyankha mokalipa kuti chakudya changa cha tsiku lonse sichingakhutitse mwana wa mkaka.

"Nanga mumamwa chiyani, mayi?"

"Thobwa basi."

Sanaseke, ngakhale ndinaona kuti zinamuvuta. Anandifunsa kuti thobwa amapangira chiyani. Ndinayamba kutchula ndekha: ufa, chimera, shuga wapamwamba. Apo ndinazindikira ndekha. Iye anafotokoza mofatsa kuti kathumba kanga kamaletsa zolimba zokha, zamadzi zimangodutsa, ndipo kulefuka kwamasana kuja sikunali mtendere ayi, anali shuga akuthamangira m'magazi nthawi imodzi. Anati tikapanda kusintha, tikulowera ku jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo maso ndi mapazi ali pangozi. Za mapazi sanafunike kunditalikitsira. Ku Joni ndinasambitsapo okalamba amene shuga anawadulitsa miyendo, ndipo ndikudziwa mmene bulangete limagonera pamalo pamene panali phazi.

Ndinatuluka nditakwiya, osadziwa wokwiyira. Chigubu cha m'shopu ndinapatsa mayi wogulitsa tomato pakhomo. Chimenecho chinali chophweka. Chovuta chinali kumtunda.

Loweruka ndinapeza amayi atatsuka kale kapu. Anatuluka nayo yodzaza, akumwetulira, n'kundifikitsira.

"Amayi, sindimwa."

"Lasasa? Ndaphika dzulo lomweli."

"Silinasase. Likundidwalitsa. Shuga uja wabwerera."

"Thobwa limene ndakulera nalo? Limene lakubwezera thupi, anthu n'kusiya kukunena?"

"Thupi limenelo ndi limene linkandipha, amayi. Kuonda kuja kunali kuchira."

Anaima kapu ili m'manja. Ndinaona kuti mawu atha ntchito, choncho ndinawakokera m'nyumba n'kukweza bulauzi. Ndinali ndisanawaonetsepo. Tinali tizipsera tating'ono, tosaposa chikhadabo, tomwazikana pamimba. Anaika kapu pansi n'kutigwira ndi chala kamodzikamodzi, ngati akufufuza njere m'nthaka.

"Chimene anadulacho anakachiika kuti?"

"Sindikudziwa. Amataya."

"Amataya," anabwereza. "Mchombo wako ndinakwirira ndekha kuseri uku, ndikhoza kukulozera. Koma chifu chimene ndinachidyetsa ine anakachitaya kwa eni, popanda wondiuza."

Ndinalira, ndipo iwo sanalire. Anatola kapu, anapita kukhitchini, ndinamva thobwa likubwerera mumtsuko. Atabwera anakhala pamphasa.

"Nanga ndizikupatsa chiyani, mwanawe?"

Ndinatchula dzira lowiritsa, usipa, nyemba pang'ono, nkhwani. Anapukusa mutu. Zimenezo, anati, ndi ndiwo, si zolandirira mwana pakhomo.

Kuyambira pamenepo ndinabwerera ku sosala yanga. Ndimayamba ndi zolimba, ndimatafuna mpaka kunyong'onyeka, madzi ndimamwa patapita nthawi, ndipo m'mawa ndimayenda wapansi kuzungulira boma chifunga chisanachoke. Thupi likutsika mwaulesi, silinafike pomwe linali, mwina silidzafikanso, koma maso ayera ndipo jakisoni sindinamuyambe. Pamaliro ndimakana thobwa pamaso pa anthu, ena n'kumati Joni inandipatsa matama. Anene. Masana a maloto aja ndimawasowa kwambiri, ndipo bambo sanabwerenso kudzakwera njira ya kudambo.

Ulendo wotsatira nditakwera kumtunda, pamphasa panalibe chimera. Amayi anandichingamira pakhomo manja ali okhaokha. Anawapukuta pachitenje ngakhale anali ouma, analowa m'khitchini, ndinamva akusuntha mapoto, anatulukanso opanda kanthu. Anakhala pambali panga pakhonde n'kuika manjawo pamiyendo, kenako kuwapinda, kenako kuwaikanso pamiyendo.

"Ndiye tizingokhala?"

"Tizingokhala, amayi."

Mpaka lero ndikangofika amayamba kudzuka, nkhope italoza kukhitchini. Akafika pakati amakumbukira, n'kukhalanso pansi.