Chigoli Anachipereka kwa Munthu wa Pabenchi

Ndikamva munthu akuyamikira oulutsa mpira a pa TV, ndimadzuka n'kupita kukatsuka mbale, ngakhale zikhale zotsuka kale. Anthu amenewa ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Pali awiri amene ndimadana nawo kuposa onse. Nkhope zawo sindizidziwa bwino, koma mawu awo ndingawazindikire ngakhale pakati pa phokoso la mumsika wa pa Boma.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale ku Kaphuka. Anthu ambiri a m'dera lathu anaphunzira kuwerenga m'manja mwawo, ena mothandizidwa ndi kamtengo ka pichesi. Wailesi ankaikhulupirira monga ankakhulupirira Misa. Wotchi yawo ankaikonza nthawi ya nkhani ikakwana, ndipo mkangano uliwonse wa pakhomo, kaya wa mvula kaya wa feteleza, unkatha ndi mawu amodzimodzi: "Zanenedwa pa wailesi." Iwo ankati munthu wopatsidwa mpata woyankhula ku dziko lonse sangayerekeze kunena chinthu chimene sanachitsimikize.

Mpira ankaukonda, bola azisewera ana a eni ake. Mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'banja mwathu, atasiya sukulu ali Fomu 3 n'kupita ku Lilongwe kukasewera mpira, bambo anati mwana wa mphunzitsi wasankha kuganiza ndi mapazi. Anaponyerana mawu olemera pakhonde, ndipo kwa zaka zisanu sanachezenso. Amayi anamwalira m'kati mwa zaka zimenezo. Pamaliro awiriwa anangopatsana chanza ngati anthu okumana padepoti.

Kenako shuga anawadya maso bambo. Anayamba ndi kulephera kuwerenga buku la mapemphero, mapeto ake ankangosiyanitsa usana ndi usiku. Ine, mwana wawo woyamba, ndinawatenga kuti tizikhala limodzi pa Boma, pamene ndimaphunzitsa. Apa ndiulule tchimo langa: ndinkawanamiza. Anali mabodza ang'onoang'ono, achisoni. Mbatatesi za kumunda kwawo zitapsa ndi chiwawu, ndinati zili bwino. Dokotala akapukusa mutu, ine ndinkati wanena kuti tidikire pang'ono. Ndinkawauzanso kuti mlongo wangayo waimba foni ndipo akupereka moni, chonsecho sanaimbe n'komwe. Bambo anali akhungu, koma sanali opusa. Mabodza ena ankawagwira, n'kungoti, "Chabwino, mayi," ndi mawu ozizira.

Tsiku lina mlongo wanga anaimbadi. Timu yake inali itangolowa kumene mu ligi yaikulu, ndipo mpira wawo wa Lamlungu unali woti uonetsedwa pa TV.

"Achemwali, kochi wati ndilowa chigawo chachiwiri," anatero. "Muwauze mdala. Akafuna amvere, akapanda kufuna basi."

Ndinadziwa kuti basi ameneyo anali wapakamwa chabe. Mwanayo ankafuna bambo ake amve dzina lake likutchulidwa, kamodzi kokha.

Ndinawauza. Lamlungulo titabwerako ku Misa sanavule jekete lawo la kutchalitchi. Inali nyengo yozizira, phiri la Dedza litabisala m'chifunga kuyambira m'mawa. Anandiuza kuti ndiwakokere mpando pafupi ndi TV, ati chifukwa pamenepo m'pofunda. TV sifunditsa munthu, koma ndinaukokabe mpandowo. Ndinayesa kusaka mpirawo pa wailesi, koma konse ankaulutsa wa matimu akuluakulu. Choncho tinatsala m'manja mwa anthu awiri aja.

Oulutsa mpira a pa wailesi amene tinakula tikuwamvera ankagwira ntchito. Ankakuuza amene ali ndi mpira, mbali imene akulowera, amene akumutchinga, mpaka iwe uli pamkeka ku Kaphuka unkapezeka watukula mwendo wekha. Awa a pa TV anaona kuti chithunzi chilipo, basi iwo n'kudzipatsa tchuthi. Chigawo choyamba chonse anachitha akukambirana za nsapato za kochi wa timu inayo, za mpira wa ku Ulaya umene anaonera dzulo lake, ndi za chipisi chimene anadya pobwera. Mmodzi ankayamba chiganizo m'Chichewa, kuchikhotetsera m'Chingerezi, n'kuchisiya panjira chopanda mutu. Mnzakeyo ntchito yake inali yovomera: "Zoona, zoona, achimwene." Mpira ukamenya chitsulo cha golo onse awiri ankakuwa, kenako n'kunena mawu amene mpaka lero amandinyansa: "Mwadzionera nokha, okondedwa oonera."

"Tadzionera chiyani?" bambo anafunsa.

Ndinayamba kuwafotokozera, koma anakweza dzanja. "Taleka, mayi. Alipo eni ake a ntchitoyi."

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma munthu wakhungu angatani, kupatula kudalira kandimverere yemweyo?

Choipitsitsa chinali moni. Anthu awiriwa anali ndi foni yolandirira mauthenga, ndipo ankaikonda kuposa mpira. Moni kwa akutiakuti amene akuonera ali pagolosale pawo. Moni kwa mayi akutiakuti amene akuti timu yawo ipambana. Moni kwa anyamata a pamalo ometera. Mpira ukuyenda, anthu akutuluka thukuta, iwo ali kalikiliki kuwerenga maina a anzawo a kumowa.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba pang'ono, ndinamuona mlongo wanga m'mbali mwa bwalo, akudumphadumpha, masokosi atawakoka mpaka m'maondo monga ankachitira pabwalo la sukulu kwathu. Kaputeni wawo, wosewera kutsogolo wotchuka kwambiri, anatuluka akutsimphina, ndipo mlongo wanga analowa m'malo mwake.

"Walowa, bambo! Walowa!"

Bambo anapendeketsa mutu, khutu kuloza ku TV. Nthawi imeneyo mmodzi wa oulutsa aja anali pakati pa moni, mnzake akuseka uthenga wa winawake. Kusinthanako sanakuone. Atamaliza moni wawo anadzutsa maso, n'kuona munthu wamtali kutsogolo, basi n'kupitiriza kumutchula dzina la kaputeni. Mlongo wanga akagwira mpira, dzina la kaputeni. Akagwetsedwa, dzina la kaputeni. Mwini dzinalo ali phee pabenchi, bondo atalikulunga nsalu, ndipo kamera inamuonetsa kawiri konse.

Mpira utatsala pang'ono kutha kunabwera kona. Mlongo wanga anadumpha kuposa onse n'kuumenya ndi mutu, ukonde n'kugwedezeka. Ndinakuwa mpaka agalu a oyandikana nafe anayamba kuuwa. Oulutsa aja anakuwanso, dzina la kaputeni, kulikoka ngati mphira, n'kuyamba kutiphunzitsa kuti mkuluyu amadziwika ndi zimenezi, kuti luso lotere munthu amachita kubadwa nalo. Pansi pa chithunzi panatuluka malemba oyera, akuluakulu: dzina la mlongo wanga, ndi dzina la bambo pambali pake. Anthu awiri amene ntchito yawo yonse ndi kuyang'ana, sanawerenge.

"Ndi iyeyo, bambo! Wagoletsa ndi mwana wanu! Alemba dzina lanu apa!"

Ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pagalasi la TV, ngati kuti zala zingamve zilembo. Munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse kuwerenga anabweza dzanja lake pang'onopang'ono.

"Mayi," anatero, "maso ndilibe, koma makutu ndili nawo. Anthu awiri ophunzira, amene akuona zonse, anganame dziko lonse likumva? Za mbatatesi zija ndinakukhululukira. Izi zokha usatero."

Ndinalumbira, mpaka kutchula manda a amayi. Ndinaitana bambo wina wa nyumba yoyandikana nafe, amene anaoneranso mpirawo, koma bambo anga anati ndachita kumupangira. Anapempha kuti ndiwaperekeze kuchipinda, ndipo kumeneko anavula jekete lija n'kulipachika okha pamsomali. Pabalaza oulutsa aja ankatsanzika ndi moni winanso. Kupepesa ayi, kukonza ayi.

Dzuwa lisanalowe foni inalira. Anali mlongo wanga, anzake akuimba nyimbo kumbuyo.

"Amva? Achemwali, mdala wamva?"

Ndisanayankhe, bambo anaitana ali kuchipinda kuti ndiwapatse foniyo. Ndinawapatsa, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga kwina.

"Ndamvera mpira wonse," anatero bambo. "Dzina lako silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Zaka zisanu! Sukulu unaitaya kuti uzikakhala pabenchi? Ndipo usamatume mlongo wako kuti azindinamiza."

Mlongo wanga anadula foni. Mawa lake ndinamuimbira n'kumufotokozera zonse, za moni, za kaputeni, za malemba aja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye kuti asankha kukhulupirira anthu osawadziwa." Sanaimbenso. Pa wailesi, nkhani zamasewero zinangotchula kuti mpirawo unatha bwanji, chifukwa matimu ang'onoang'ono satchulidwa ogoletsa. Nyuzipepala inalemba dzina loona, koma wowawerengera anali ine yemwe, wabodza wa mbatatesi. Bambo sanakhalenso pafupi ndi TV.

Anthu awiri aja adakaulutsabe mpira. Aphunzitsi anzanga amati amasangalatsa, ati ali ndi nthabwala. Ine ndimati ndi alesi, ndi akuba, chifukwa anaba chinthu chimene sangachibweze ndipo sakudziwa n'komwe kuti anaba. Sindiwafunira zoipa zambiri. Ndimangofuna kuti tsiku lina adzakhale pampando, maso atafa, akudikira dzina limodzi lokha, wina n'kumawawerengera moni wa anyamata a pamalo ometera.

Nyengo yozizira yotsatira bambo anagonekedwa m'chipatala. Mlongo wanga ananyamuka ku Lilongwe atamva, koma minibasi yake inafika iwo atatseka kale maso. M'mawa wa tsiku limenelo, ndikuwapukuta kumaso, anandigwira pamkono.

"Mayi, undiuze zoona tsopano. Chigoli chija, anagoletsadi ndi iyeyo?"

"Ndi iyeyo, bambo. Ndi mutu."

Anandifinya mkono.

"Nanga bwanji a pa TV aja sananene?"