Maketulo a amuna m'manja mwa akazi anga

Mwana wathu wachiwiri anabadwa pa opareshoni, ndipo bala la mayi ake linachedwa kupola. Litapola adokotala anati angathe kugwira ntchito iliyonse, koma pakhomo pathu ku Chinyonga mawu amenewo analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Apongozi anga ankawalanda ndowa m'manja. Ine ndinkawalanda jumbo ya kumsika, ngakhale mutakhala mpiru ndi tomato basi. Mwanayo anakwawa, anayenda, anayamba kuthamangitsa nkhuku za aneba, ife tikusungabe mayi ake ngati dzira.

Tsiku lina akazi angawo anabwera kuchokera kuntchito m'tauni ndi nkhani ya mpikisano umene unkakonzedwa pa jimu ina, malo olimbitsira thupi, ku Namiwawa. Anthu amalowa awiriawiri. Mumathamanga limodzi, kenako mumapeza ntchito ikukudikirani: kukankha chileyi chosanjikidwa zitsulo, kusenza thumba la mchenga, kapena kuyenda mutanyamula zitsulo ziwiri za zogwirira, zimene eni ake amazitcha maketulo. Ntchitoyo mumagawana mmene mwafunira, ndipo wina akamagwira, mnzake amayenda pambuyo pake.

"Ndatilembetsa kale," anatero akuvula nsapato. Sanali kundifunsa.

Mnzawo wa ku ofesi anali atawauza kuti ketulo ya akazi imalemera makilo 16, ya amuna 24. Ine ndi nzeru zanga ndinatolera zitini za penti, n'kuthiramo simenti. Zogwirira anandipindira mmisiri wina wowotcherera zitsulo ku Mbayani. Tinakaziyeza pa sikelo ya wogulitsa nyemba mumsika wa Limbe, mwini sikelo akuseka mpaka misozi. Zitini ziwiri zazing'ono zinali zawo, ziwiri zazikulu zanga. M'mawa uliwonse tinkakwera nazo chitunda cha kuseri kwa nyumba, amayi opita kumadzi akutifunsa ngati tayamba kumanga.

Tsikulo litafika tinapeza galimoto zitandandalikana kunja kwa mpanda, alonda akulozera anthu poimika. Mtsikana wina wa mawu aakulu, amene ankayang'anira mpikisanowo, anatisonkhanitsa pa kapinga n'kuyamba kuwerenga malamulo.

"Amuna okhaokha, ketulo ya 24. Akazi okhaokha, ya 16. Mwamuna ndi mkazi, ya 24, nonse awiri. Sitisintha ketulo pakati pa njira."

Safunsa anadya phula. Ife tinkangoganiza kuti aliyense adzanyamula yake, ngati mmene mbale za amuna ndi za akazi zimapatukira pa maliro. Miyezi yonse ija akazi anga anali asanakhudzepo chitini chachikulu. Ndinachita mantha, ndipo maso anga anapita okha pamimba pawo.

"Amayi, musadandaule," ndinanong'ona. "Zolemera zonse ndigwira ndine. Lamulo likulola."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye ineyo ndabwera kudzatani, abambo? Kudzakuperekezani?"

Tinayamba. Pa chileyi ndinalimbikira ndekha mbali yaikulu, iwo anangokankhako pang'ono. Tinathamanganso, fumbi lili m'kamwa. Titafika pa maketulo mphamvu ndinali nazo ndithu, ndipo ndinawerama kuti ndinyamule. Ndinangomva dzanja lawo landigwira pamkono.

"Tapumani," anatero.

Ndinaimirira. Iwo anaima pakati pa zitsulo zija, anapukuta manja pa kabudula, anakoka mpweya, n'kunyamuka nazo. Phazi loyamba anagwedezeka. Lachiwiri anakhazikika, ndipo anayamba ulendo.

Ine pambuyo pawo, chimanjamanja, monga mwa lamulo. Msana umenewo ndakhala nawo nyumba imodzi zaka zambiri, koma ndinali ndisanauonepo chomwecho. Mapewa anatambasuka, mitsempha ya m'khosi inaima, thukuta likutsika m'mikono mpaka kudontha pa zitsulo. Sankathamanga, sankayang'ana anthu. Ankaponda pansi mwaphee, phazi ndi phazi, ngati munthu wowoloka mtsinje wodzadza. Ndinadabwa kwambiri, ndipo kudabwako kunali ndi mantha mkati mwake. Ndinkadzifunsa kuti mphamvu zonsezi zinkagona kuti pamene ife tinkalimbirana jumbo ya mpiru.

Pokhota, ketulo ya kumanzere inayamba kutsetsereka m'zala. Anatula zonse pansi. Apo lamulo limalola mnzako kulandira, ndipo manja anga anali atatambasuka kale. Iwo sanatembenuke n'komwe, anangopukusa mutu. Ndinabweza manja n'kuwapinda kumbuyo, chifukwa manjawo sindinkawakhulupirira. Azimayi ena amene anali atamaliza kale anabwera m'mphepete mwa njira. Mmodzi wa iwo, wa imvi m'mutu, ankayenda nawo limodzi akuwauza motsitsa mawu kuti, "Tiyeni nazo, achemwali, tiyeni nazo." Akazi anga anaweramanso, ananyamula, ndipo mtunda wotsalawo anaumaliza osatulanso.

Pa mzere wotulira, zitsulo zinagunda pansi. Tinali ndi kothamanga kwina patsogolo, ndipo anzathu ankatipitirira, koma iwo anaima chilili. Analowetsa dzanja pansi pa malaya n'kulisiya pa chipsera paja. Anapapasa pang'onopang'ono, kuchokera mbali iyi kufika mbali inayo. Kenako anatulutsa dzanjalo n'kuliyang'ana. Munali thukuta lokha.

"Sichinang'ambike," anatero. "Nthawi yonseyi, abambo, ngakhale kutsokomola ndimayamba ndagwira apa."

Zimenezo anali asanandiuzepo. Anapukuta nkhope ndi malaya, anayang'ana kumene anzathu ankalowera, n'kundimenya paphewa.

"Thumba la mchenga lija ndiyambanso ndine. Tiyeni."