Madzi a pachitsime chathu ku Chelstone

Ine wodzitama kuti ndinadziphunzitsa sayansi ndi mabuku ogula m'mbali mwa msewu, ndinapatsa katswiri madzi owiritsa kuti akayeze.

Katswiriyo anali mayi wa ku yunivesite, amene wathera zaka zambiri akufufuza zoipa zobisala m'zitsime za mu Lusaka. Ndinamuitana chifukwa akazi anga ankangodwaladwala m'mimba, ndipo tinkakayikira chitsime chathu. Anandisiyira botolo kuti nditungiremo m'mawa. Koma nditaona madziwo ali mbuu, manyazi anandigwira. Mlendo wophunzira chonchi ndimupatse zimenezi? Ndinawasefa pansalu, n'kuwawiritsa, n'kudonthezamo klorini.

Atabwera ananunkhiza botolo lija, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Ba tate, mwawachita chiyani madzi?"

"Ndangowakonzako pang'ono, amayi."

Sanandiseke. Anati ambiri timatero, timabisa matenda kwa wobwera kudzatithandiza. Anatunga yekha ena, kenaka anayenda akuwerenga mapazi kuchokera pachitsime mpaka padzenje lolandira zakuchimbudzi. Sanayende nthawi yaitali. Anandifotokozera kuti mwala wa pansi pa mzinda uno ndi wamabowomabowo, zonyansa zimadutsamo msanga. Patatha sabata anaimba foni kuti madzi a pachitsimepo tisamwenso. Tinasiya, ndipo akazi anga anayamba kupeza bwino.

Ndinapita kukachenjeza aneba, popeza nawonso ankatunga kwathu mipopi ikauma. Ndinaulula ndi zowiritsa madzi zija zomwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Ba neba, imwe mukadwala osayenda mweka ku kiliniki, muzitengako munthu. Muzauza ba dokota ati muli chabe bwino."