Amalume Sanandilankhulire pa Chinkhoswe

Ndinaganiza zopita ku Halale nditaona kuti kumunda kwathu ku Mpama sikungandipatse ndalama ya msonkho ndi nsalu ya Edina, mtsikana amene ndinkamufuna. Amayi analira. Amalume anga a Yotamu anandiperekeza mpaka ku Limbe, panjira akundiuza za kachipani kawo kolimbana ndi thangata. Ndinkangoyankha kuti inde, poti sindinazolowere kutsutsa akulu.

Ku Halale ndinkatsuka mbale pa hotela ya azungu. Tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi, koma wocheza naye ndinalibe. Lamulungu ndinkakhala kumbuyo m'tchalitchi, nyimbo zikundikumbutsa tchalitchi cha kwathu ku Mbombwe. Ndikatumiza paundi kwa amayi, yotsala inali ya sopo basi.

Nkhani za amalume zinkabwera ndi anthu a pasitima. Akuti ankayenda pa njinga yopanda mabuleki mpaka ku Mauwa, kulankhula pamisika, akufuna mpando wa kukhonsolo. Wina wa ku Nguludi atandidziwa anafuula pagulu: "Uyu ndi mphwawo wa a Yotamu, a chipani cha anthu atatu! Wachitatuyo ndi njinga!" Onse anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono kuti asandide, koma mumtima munandipweteka.

Pamene ndinkabwerera, mpando uja anali atauphonya kalekale. A chipani chachikulu ankati amalume anagawa anthu pa nthawi yolimbana ndi Chitaganya, ndiye kuti ndi wogulitsa dziko. Ndinawapeza ataonda, akupalira okha chinangwa. Anthu odutsa panjira sankawapatsa moni.

Edina anandidikira ndithu. Koma amalume ake anatumiza mawu akuti sangakhale pamphasa imodzi ndi a Yotamu. Ngati ndikufuna mbeta, ndipeze nkhoswe ina. Ndinakhala masiku ndikuzungulira nyumba ya amalume anga, osadziwa poyambira. Anayamba ndi iwo.

"Mphwanga, ndamva. Ukatenge a Simoni."

"A Simoni ndi achibale akutali, amalume. Sadziwa n'komwe dzina langa laubwana."

"Pakamwa ali napo. Mkaziyo usamutaye chifukwa cha ine."

Ndinafuna kukana, koma ndinayankha inde yemwe uja.

Tsiku la chinkhoswe a Simoni analankhula mokweza, nandiitana ndi dzina la mkulu wanga amene anamwalira ali mwana. Anthu anaseka, nthungululu zinalira, nkhuku inaperekedwa. Ambiri mwa amene anakhala pamenepo amalume anawayimirira kale pamaso pa mzungu wa esiteti pamene ankafuna kuwagwetsera nyumba. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kumene ali.

Madzulo ndinawatengera amalume nthuli ya nkhuku ija. Anandifunsa ngati a Simoni anakumbukira kuthokoza eni mbumba. Ndinati anakumbukira.

"Basi zayenda bwino," anatero. "Bwerera msanga, asakuone kuno. Ndiwe mkamwini wawo tsopano."