Kamba pamsewu wa ku Rockville

Kalata ya ogulitsa magalimoto inakhala pafiriji milungu iwiri. Inkati galimoto yanga yamagetsi ibwerere kugaraja kwawo, chifukwa pulogalamu yatsopano yomwe anaitumizira pa intaneti inali ndi vuto. Ine ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo, nyumba zinayi patsiku, ndiye galimoto ikafa ntchito yafanso. Anandiuza kuti ndifike Lachinayi, teni koloko, ku Rockville.

Tinanyamuka ku Lanham hafu pasiti eyiti. Apongozi anga, Abiti Saidi, omwe anali atangobwera kuchokera ku Machinga kudzaona adzukulu, anakana kutsala.

"Ndakhala m'nyumba muno masiku khumi ngati katundu, amake Jamila. Ndikupita nawo."

Analowa ndi chikwama chawo chachikulu n'kuchikhazika pamiyendo.

Titangolowa mu Beltway, msewu waukulu wozungulira mzinda, pasikirini panatulukira kachithunzi ka kamba wachikasu. Liwiro linayamba kutsika. Ndinaponda moto mpaka mwendo kuwawa, koma galimoto inkangokwawa.

"Kambayu ndi wa chiyani?" anafunsa apongozi.

"Akutanthauza kuti galimoto yafooka, amayi."

"Yafooka? Tangonyamuka kumene! Yanyamula chiyani?"

Mathiraki ankatilizira hutala mbali zonse. Ine thukuta lili kamukamu, koma apongozi ankaona ngati anthuwo akutipatsa moni, ndiye aliyense ankamubayibitsa. Dalaivala wina anatulutsa dzanja pawindo n'kuonetsa chala chapakati chotukwanira. Iwo anati, "Anthu a kuno ndi aulemu."

Ndinatuluka ku College Park n'kutsata timisewu ting'onoting'ono. Mayi wina wapanjinga anatipitirira kawiri. Itangodutsa teni koloko, tili pamaroboti ku Wheaton, sikirini inathima, galimoto yonse inangoti zii.

Ndinaimba foni, ndipo galimoto yokoka zinzake inabwera patatha mphindi makumi anayi. Dalaivala wake, bambo wamfupi wa kapusi yofiira, anatimva tikulankhula n'kuima.

"Imwe ba mayo, ndimwe ba ku Malawi? Ine ndine Tembo, wa ku Lusaka. Izi motoka za malaiti nazidonsa zitatu wiki ino. Zonse ni update, pulogalamu ija ya pa intaneti!"

Anawathandiza apongozi kukwera kutsogolo. Injini italira, iwo anapuma mpweya wautali.

"Iyi ndiye galimoto. Ikulira, ikununkha dizilo. Munthu ukudziwa kuti uli paulendo."

A Tembo anaseka msewu wonse wa Veirs Mill.

Kugaraja tinafika cha m'ma hafu pasiti leveni. Mtsikana wapakauntala anayang'ana pakompyuta, anamwetulira, n'kundiuza kuti nthawi yanga yadutsa, malo ena apezeka pakatha milungu itatu. Ndinamufotokozera kuti chomwe chandichedwetsa ndi vuto lomwelo lomwe anandiitanira. Anati akumvetsa kwambiri, n'kumwetuliranso. Ndinaganiza za gogo wina wa ku Bowie amene sadya ngati womudyetsa si ine, misozi inayamba kulengeza.

Ndinawauza apongozi.

"Wokonza galimoto alipo?"

"Alipo, amayi."

"Sanadwale?"

"Ayi."

"Ndiye tidikira. Kuchipatala cha boma kwathu timatani?"

Ndisanayankhe, anatulutsa chitenje m'chikwama n'kuchiyala pansi, pakati pa magalimoto awiri atsopano onyezimira. Anavula nsapato, anatambasula miyendo, anatulutsa fulasiki ya tiyi ndi mandasi okulungidwa m'kansalu. Ndinkafuna pansi patseguke ndilowe. Bambo wina wa suti, amene anabwera kudzagula galimoto, anawerama kuti aone matayala, apongozi anamupatsira ndasi. Analandira. Anadya. Anapempha lina loti akapatse mkazi wake.

Posakhalitsa manijala anatulukira akukonza tayi. Anandifunsa chapansipansi ngati mayiwa ali bwino, komanso kuti akhala pamenepo mpaka liti. Ndinawamasulira apongozi.

"Muwauze asadandaule za ine," anatero akuthira tiyi. "Chakudya chamadzulo ndabweretsa. Bulangete lilinso m'chikwamamu."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osachotsapo kanthu. Kota pasiti thwelofu galimoto yanga inali italowa mkati.

Makaniko wake anali mayi wa malaya oyera, atanyamula laputopu. Analumikiza kachingwe pansi pa chiwongolero, anadina mabatani angapo, n'kupita kukadya. Atabwerako anati zatheka. Apongozi anamugwira manja, anawatembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Sipanala alibe. Girisi m'zikhadabo mulibe. Mwana wanga, apa atinamiza."

Koma pobwerera galimoto inathamanga ngati yatsopano, ndipo thu koloko isanakwane tinali titafika ku Lanham. M'njira ndinkalingalira kuti ndakhala m'dziko lino zaka khumi ndi chimodzi, ndaphunzira kudzaza mafomu ndi kunena "no problem" akamandikaniza, koma kukhala pansi n'kudikira mpaka munthu achite manyazi ndinali nditaiwaliratu.

Tikutsika, apongozi anafunsa, "Paja dokotala wa mano uja mwati andiona liti?"

"Akuti malo kulibe mpaka mwezi wamawa, amayi."

Anakoleka chikwama paphewa.

"Tipita Lolemba. Mugule ufa wa mandasi."