Chala cha Msuweni Wanga

Nkhondo ya ku Mozambique itakula, ku Chiromo kunafika bambo wina wa ku Beira. Anzake anathawa ndi mbuzi, iye anathawa atasenza makina ojambulira nyimbo, a tepi yozungulira pa timawilo tiwiri, oyendera batire la galimoto. Kabandi kathu ka kutchalitchi kanamupeza msanga, poti tinkafuna nyimbo yotumiza ku wailesi ku Blantyre. Wotsogolera nyimboyo ndinali ine, ndipo panalibe wotsutsa.

Bamboyo anati makinawo aphunzitsa munthu mmodzi yekha. Anasankha msuweni wanga, munthu wa mawu ngati a chule wa m'dambo, ati chifukwa anali ndi chala chofatsa. Ine ndinkakhala pakhonde thukuta lili kamukamu, khutu lili pazenera.

"Pojambula, khudza wilo pang'ono basi," ankatero bamboyo, Chisena chikumveka m'kamwa. "Tepi iyende mwaulesi. Ukachotsa chala n'kuiliza, mawu akwera okha."

Anamusonyezanso kabatani kena. Akakapotoza, mawu ankabwerera kawiri katatu ngati a munthu woitana bwato kutsidya kwa Shire.

Msuweni wanga analibe woyeserapo, choncho ankayesera pa mawu ake omwe, akuyimba nyimbo yanga. Tsiku lina anatilizira tepiyo. Chule uja anatuluka ndi mawu okwera, osalala, onjenjemera pang'ono kumapeto. Anzanga anayang'anana. Mkulu wa bandi anati, "Imeneyi ndiye ipite."

Ndinati chimenecho n'chinyengo. Msuweni anaseka. "Iwe, nsomba ilibe kanthu kuti yagwidwa ndi mbedza kapena ukonde."

Nsanje inandigwira, sindibisa. Ine mawu anga ndinawasula kuyambira ndili mwana, ndikuyimba pamaliro mpaka kukhosi kuuma. Iye anangophunzitsa chala. Ndinasiya kumupatsa moni, ndipo kunyumba sindinanene kanthu za tepiyo.

Patapita miyezi, masana ena, nyimbo ija inamveka pa wailesi. Amayi ankayanika nsomba pathandala. Anaima ndi mlamba m'manja, n'kumvetsera mpaka inatha. Nyimboyo ankaidziwa, poti ndinkaiyimba pakhomo tsiku ndi tsiku. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiyang'ana.

"Mwanawe," anatero, "chikubalire sindinakumvepo ukuyimba bwino chonchi."